Makamera ku Nchalo, situdiyo pa intaneti: zomwe Chigwa cha Shire chingapindule pa kuulutsa pompopompo

Kwa zaka zambiri, wailesi ya kanema ikafuna kuonetsa chochitika pompopompo kuchokera ku Chigwa cha Shire, nkhani inkayambira pa galimoto. Galimoto yake ndi ija amaitcha OB van, chilole chonyamula situdiyo yonse: makina osankhira zithunzi za makamera, mikisa ya mawu, masikirini ambirimbiri, makina obwereza chigoli, mawaya aatali okulungakulunga ndi jenereta yakeyake. Pambuyo pake pamatsata minibasi ya antchito. Onsewa atsike msewu wokhotakhota wochoka ku Blantyre kukafika pa Thabwa, awoloke Shire pa Kamuzu Bridge, ndipo ngati mwambowo uli ku Nsanje boma ndiye ulendo wa makilomita pafupifupi 180. Afike dzulo lake kuti ayale mawaya. Agone, adye, alandire alawansi. Mafuta a ulendo wopita ndi wobwerera, kuphatikizapo a jenereta.

Mukawonkhetsa zonsezi, mumvetsa chifukwa chake Chikwawa ndi Nsanje zimaoneka pompopompo pa kanema makamaka kukabwera mtsogoleri wa dziko kapena kukagwa tsoka. Zina zonse, mpira wa pa Kalulu Stadium ku Nchalo, gule wa utse, msonkhano wa khonsolo, kutsegulira msika wa thonje ku Ngabu, zimafika kwa owonera mawa lake zitadulidwa mpaka kutsala mphindi ziwiri, ngati zafika n'komwe.

Njira yomwe ikufala masiku ano ikulekanitsa ntchito ziwiri zomwe kale zinkayendera limodzi. Pali ntchito yomwe singachitikire kwina koma pabwalo pomwepo: kamera iyenera kuona wosewera, maikolofoni iyenera kumva ng'oma. Koma kusankha kuti tsopano anthu aone kamera iyi, kulemba dzina la wolankhula m'munsi mwa sikirini, kukweza ndi kutsitsa mawu, kubwereza chigoli, kulowetsa malonda, zonsezi zinkachitikira pabwalo kaamba koti panalibe njira yotsika mtengo yotumizira zithunzi za makamera onse kutali. Tsopano njirayo ilipo.

Anthu amakonda kusokoneza magawo awiri a nkhaniyi. Gawo loyamba ndi pomwe makamera onse akutumiza zithunzi ku situdiyo ya wailesiyo ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo makina omwe ali kumeneko ndiwo akusakaniza. Chilole chatsala pakhomo, inde, koma makina odula aja muyenera kukhala nawobe. Gawo lachiwiri ndi pomwe ngakhale makinawo mulibe. Ntchito yawo ikugwiridwa ndi mapulogalamu oyenda pa makompyuta amphamvu a kampani zina, osungidwa m'nyumba zikuluzikulu zotchedwa data centre, ndipo inu mukungobwereka mphamvu yawo kudzera pa intaneti. Izi ndizo amati cloud. Makampani akuluakulu ali ndi malo otere ku South Africa: Microsoft inatsegula ake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Mliri wa Covid-19 utaletsa anthu kuthithikana m'chilole chimodzi mu 2020, mawailesi ambiri padziko anayesa njirayi mokakamizika, ndipo ambiri anaikakamira mliriwo utatha.

Tiyeni titsatire chithunzi chimodzi kuchokera pa Kalulu. Kamera ya HD imatulutsa mamegabiti (muyezo wa kuchuluka kwa data) pafupifupi 1,500 pa sekondi imodzi. Palibe netiweki ya foni kuno yomwe ingasenze katundu wotere. Choncho pambali pa kamera pamakhala kabokosi kotchedwa encoder, ntchito yake kupanikiza. Kamaona kuti udzu wa pabwalo ndi mpanda sizikusintha kuchokera pa chithunzi china kufika pa chinzake, ndiye m'malo motumiza zomwezomwezo kamangotumiza zomwe zasuntha. Ndi njira zopanikizira monga H.264 kapena H.265, mamegabiti 1,500 aja amatsika kufika pa 5, nthawi zina kucheperapo, chithunzi chikuonekabe bwino. Foni yamakono ili nazo zonse ziwiri m'kati, kamera ndi encoder, n'chifukwa chake nayonso ingakhale kamera yachitatu kuseri kwa golo.

Chikachoka pamenepo, chithunzi chikwera pa nsanja ya netiweki, chilowa mu faiba, chituluka m'dziko kudzera kwa anansi athu, mpaka chifike ku data centre. Kumeneko chikumana ndi zinzake za makamera ena. Dayilekita, yemwe amasankha kamera yoti anthu aone, kulikonse komwe ali, atsegula laputopu yake naona timazenera tating'ono, kamera iliyonse kazenera kake. Akadina pa kamera 2, laputopu yake siisakaniza kanthu. Imangotumiza lamulo, ndipo kusinthako kumachitikira ku data centre. Chithunzi chomalizidwa chichoka kumeneko kupita ku Facebook, ku YouTube ndi ku situdiyo ya wailesiyo nthawi imodzi.

Kanthu kameneka kamaoneka kakang'ono koma ndi kofunika zedi kuno kwathu. Magetsi akathima kwa dayilekita, kapena bandulo yake ikatha, pulogalamu siima. Imapitirirabe pa kamera yomwe inali pa mphepo, ndipo mnzake yemwe ali ndi chilolezo angathe kulowa kuchokera tauni ina n'kupitiriza. Mu OB van jenereta ikangotsamwa, zonse zimathima kamodzi.

Phindu loyamba lomwe aliyense amatchula ndi la ndalama, ndipo ndi loona, koma tilimvetse bwino. Sikuti zonse zimakhala zaulere. Chomwe chasintha ndi kalipiridwe. Kale munkagula makina a mamiliyoni ochuluka omwe amagwira ntchito Loweruka lokha, masiku ena onse ali phee m'galaja. Pa cloud mumalipira nthawi yomwe mwagwiritsa ntchito, kaya pa ola kaya pa mwezi. Zili ngati kuchigayo: sugula chigayo chonse chifukwa cha thumba limodzi la mapira, umangolipira ndowa zomwe wagayitsa. Apamsewu nawo achepa. M'malo mwa gulu lodzaza minibasi, apita ojambula, wa mawu ndi mmodzi woyang'anira netiweki, katundu wawo wokwanira m'galimoto imodzi yaing'ono. M'nyengo zomwe anthu amagona pamizere ya mafuta, zimenezi zokha zitha kupulumutsa pulogalamu. Ndipo dayilekita yemwe sanayende angathe kuyendetsa mwambo wa ku Nsanje m'mawa, masana n'kukhala pa mpira wa ku Karonga, atangodya nsima pakati.

Kutentha nako tisakuiwale. Mu Okutobala ndi Novembala chigwachi chimapitirira madigiri 40, ndipo makina osakanizira zithunzi amadana ndi kutentha ndi fumbi. Mu OB van mbali yaikulu ya mphamvu ya jenereta imathera poziziritsa makina. Pa cloud makina olemerawo ali m'nyumba yozizira kutali, ndipo zomwe zatsala pabwalo zimayenda ndi mabatire, omwe mungatchaje ndi sola. Komabe encoder ndi foni zili padzuwa lomwelo. Foni ikatentha kwambiri imayamba kuchita ulesi, kenako imadzizimitsa yokha. Wojambula wa ku Ngabu amene waiwala ambulera ya kamera yake wasiya chida chofunika ngati batire.

Koma phindu lomwe ine ndimaliona lalikulu kuposa onsewa ndi lakuti chipinda chosakanizira chilibenso khomo loti uchite kukagogoda. Ambiri akamva za njirayi amaganiza kuti ndi yothandiza a ku Blantyre kuti asamavutike kutsika. Angatero. Komatu makina omwewo angatsegulidwe ndi mnyamata kapena mtsikana wa ku Bangula ali pa laputopu yake, ndipo adzapeza zonse zomwe wa mumzinda akupeza: makamera angapo, mayina m'munsi, kubwereza chigoli. Ku Nsanje kuli kale mawailesi a m'dera monga Nyanthepa ndi Gaka, kuli achinyamata ojambula maukwati ndi maliro ndi makamera awoawo. Luso loona ndi kulankhula lilipo. Chomwe chinkasowa ndi chilole, ndipo chilolecho sichikufunikanso.

Taganizirani za chilankhulo. Chigwachi ndi cha Asena ndi Amang'anja, koma pulogalamu yochokera kumtunda imabwera m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Pa cloud zithunzi zomwezo zingatuluke ndi mawu awiri osiyana popanda kuwonjezera kamera ngakhale imodzi. Woulutsa mmodzi akufotokoza m'Chichewa, wina ali kunyumba kwake ku Tengani akufotokoza m'Chisena, aliyense akuona masewerawo pa sikirini yake. Owonera asankha okha. Wa ku Nsanje amene ali ku Ndirande kapena ku Johannesburg amva mpira wa kwawo m'chilankhulo cha kwawo. Ndipo pa chenjezo la madzi osefukira, gogo wa ku Nyachikadza kumva uthenga m'Chisena n'kosiyana kwambiri ndi kudikira mdzukulu kuti amasulire.

Mawailesi a mawu okha ndiwo angapindule msanga, chifukwa mawu ndi opepuka. Mawu omveka bwino amangofuna makilobiti 64 pa sekondi, omwe pa ola lonse ndi mamegabaiti pafupifupi 29. Bandulo yaing'ono ikwanira kulumikiza mtolankhani wa ku Fatima, mlangizi wa zaulimi wa ku Ngabu ndi mkulu wa zanyengo wa ku Blantyre m'pulogalamu imodzi, onse akumveka ngati ali m'chipinda chimodzi, popanda kukhwekhwereza kuja kwa foni yoyikidwa pa maikolofoni.

Tsopano tibwere pomwe pamavuta, chifukwa njira yonseyi yatsamira pa chinthu chimodzi: mphamvu ya netiweki yokweza zinthu. Ambiri akamayesa intaneti amaona liwiro lotsitsira, kuti kanema wa pa YouTube akutseguka msanga. Woulutsa amafuna liwiro la mbali inayo, yokwezera, ndipo pa netiweki ya foni nthawi zambiri imeneyi ndiyo imakhala yochepa. Choipa china n'chakuti nsanja imodzi imagawidwa kwa onse omwe ali pansi pake. Mukayesa Lachinayi m'mawa pabwalo popanda munthu, zonse ziyenda ngati madzi. Loweruka anthu zikwi akadzaza, aliyense akutumiza zithunzi pa WhatsApp, netiweki ija yafooka nthawi yomwe mpira ukuyamba.

Akatswiri amalimbana ndi vutoli pomanga pamodzi manetiweki angapo. Zikwama za kumsana zopangidwa ndi makampani monga LiveU, TVU ndi Dejero zimalowa masimukhadi angapo, ena a TNM ena a Airtel. Chithunzi chimadulidwa tizidutswa, tina tipita uku tina uko, n'kukalumikizidwanso kofikako. Netiweki ina ikafooka, katundu amasamukira pa inzake owonera osazindikira. Palinso njira yotumizira yotchedwa SRT, yomwe kampani ya Haivision inaipereka kwaulere kwa onse mu 2017. Kachidutswa kakasowa panjira, wolandira amapempha kuti katumizidwenso, ndipo kamafika nthawi yake yoonekera isanakwane. Kuti zimenezi zitheke, wolandirayo amayamba wasunga zithunzi kwa kanthawi asanazionetse. Kuyambira mu 2023 Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, ikupezekanso m'Malawi. Masetilaiti ake amayenda pafupifupi makilomita 550 kumwamba, pomwe akale aja oulutsira kanema ali pa makilomita pafupifupi 36,000, choncho uthenga sutenga nthawi kupita ndi kubwera. Kambale kake kamanyamulika ndi munthu mmodzi, koma kamafuna thambo losatchingidwa, ndipo mvula yamphamvu imakafooketsa.

Kusunga zithunzi kuja kuli ndi mtengo wake, womwe ndi kuchedwa. Chomwe chachitika pabwalo chimafika kwa dayilekita patapita sekondi imodzi kapena zingapo, ndipo kwa wowonera pa Facebook chimachedwa kuposa apo. Musadabwe woyandikana naye amene ali ndi kawailesi akukuwa kuti chagoledwa inu mukuonabe mpira uli pakati. Kuchedwa kotereku wowonera amakupirira. Komwe kumaononga ndi kusiyana pakati pa makamera. Kamera 1 ikachedwa ndi sekondi imodzi, kamera 2 ndi masekondi atatu, posintha muona wosewera akumenya mpira womwe wamenya kale. N'chifukwa chake makina abwino amadinda nthawi pa chithunzi chilichonse n'kudikiritsa makamera onse kuti afanane ndi wochedwetsetsa. Kulankhulana nako kumafuna kuzolowera. Dayilekita akati, "Achimwene a pa kamera 2, tsatirani wa nambala 9 uyo," wojambula amamva za chinthu chomwe kwa iye chadutsa kale. Ojambula a njira imeneyi ayenera kukhala anthu oganiza okha, odziwa masewera, osadikira kuuzidwa chilichonse. Mtolankhani wofunsidwa kuchokera ku situdiyo nayenso amatumiziridwa kukhutu mawu onse kupatula ake, apo ayi amadzimva yekha mochedwa n'kuyamba chibwibwi.

Nkhani ya madzi osefukira ndiyo imaonetsa bwino mphamvu ndi malire a njirayi. Mu Januwale 2015 Makhanga inasanduka chilumba chofikika pa bwato kapena pa helikopita basi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula msewu wa M1 m'malo angapo ku Chikwawa, naononganso malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Mu Marichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Ngakhale kulibe namondwe, kwa zaka zambiri njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo yakhala yoduka pa Mtayamoyo, moti galimoto yopita ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, imachita kuzungulira ku Thabwa. OB van singafike malo otere. Chikwama cha kumsana chimakwera kabaza, chimalowa m'bwato. Dayilekita angathe kuika pa sikirini imodzi mtolankhani wa ku Makhanga, wina wa pamsasa ku Bangula ndi mkulu wa DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ali ku Lilongwe, anthu atatu omwe palibe waya ungawalumikize.

Koma tsiku lomwe mukuifunitsitsa netiweki ndi lomwelonso imakonda kusowa. Mapolo a magetsi akagwa, nsanja zimadalira mabatire ndi majenereta, ndipo mafuta ake ayenera kudutsa msewu womwe wadukawo. Faiba yokwiriridwa m'mbali mwa msewu imakokoloka limodzi ndi mlatho. Wokonzekera bwino amakhala ndi setilaiti ndi batire lalikulu, ndipo amagwirizana pasadakhale kuti zinthu zikavuta atsitsa kaonekedwe ka chithunzi kuchoka pa mizere 1080 kufika pa 720, zikavutabe asiya kanema n'kutsala ndi mawu. Wowonera amakhululukira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu akamadukaduka amachoka.

Pali vuto linanso lomwe si la makina. Dayilekita amene ali kutali amaona zokhazo zomwe zili m'kazenera. Sakuona mayi amene akubisa nkhope kuseri kwa tenti chifukwa zovala zake zapita ndi madzi. Sakudziwa ngati a nyakwawa apemphedwa. Sangamve kuti pamalo ngati ku Khulubvi, kukachisi wa Mbona, pali malamulo a komwe mlendo angaponde ndi zomwe angachite. Kale, gulu lonse likagona m'deralo, zina mwa izi linkazitola pocheza ndi eni mudzi usiku. Tsopano mwayi umenewo wachepa. Ine ndimaona kuti wailesi yomwe yasankha njirayi iyenera kupereka mphamvu yeniyeni kwa amene ali pamalopo, kuti akati, "Bwana, apa ayi, chotsani kamera," mawu ake akhale omaliza. Pompopompo palibe kubweza. Ndipo popeza cloud imasunga zonse zomwe makamera atumiza, funso la yemwe ali ndi kiyi wa zosungidwazo, ndi kuti zisungidwa mpaka liti, lifunika kuyankhidwa pulogalamu isanayambe. Kusungaku ndi phindu ndithu, chifukwa kachidutswa ka chigoli kangadulidwe n'kutumizidwa masewera ali m'kati, koma nkhope za anthu ovutika zimasungidwanso chimodzimodzi.

Za ndalama tibwererekonso, poti zilipo zomwe otsatsa malonda a cloud sakonda kutchula. Malipiro ake ndi a madola, pa khadi la kubanki. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wolipira zinthu zakunja anaona bilu yake itakwera usiku umodzi, ndipo kupeza ndalama zakunja kumene ndi nkhondo ina. Data nayo imadya. Kamera imodzi yotumiza mamegabiti 5 pa sekondi imatha magigabaiti 2.25 pa ola. Makamera atatu pa mpira wa maola awiri ndi magigabaiti 13.5, osawerengera nthawi yoyesa. Malamulo a MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni, okhudza ziphaso ndi zoyenera kuulutsa ali pomwepo, sasintha chifukwa makina ali kunja kwa dziko. Ndipo tisabisane, m'maofesi ena njirayi idzakanidwa pa zifukwa zomveka zaukatswiri pomwe nkhani yeniyeni ndi alawansi ya ulendo.

Choncho si mwambo uliwonse womwe ukufuna cloud. Ngati makamera anu atatu ali m'holo imodzi, laputopu yabwino yokhala ndi pulogalamu yosakanizira zithunzi monga OBS Studio, yomwe ndi yaulere, kapena vMix, ingasakanizire pomwepo n'kutumiza chithunzi chimodzi chomalizidwa. Data yake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo makamera sasiyana nthawi. Cloud imapambana pomwe makamera atalikirana, pomwe antchito amwazikana, pomwe mukufuna zilankhulo ziwiri, kapena pomwe pulogalamu siyenera kuthima chifukwa cha jenereta imodzi. Ena amaphatikiza: asakaniza pabwalo, atumiza ku cloud, ndipo kumeneko ndiko awonjezera woulutsa wa Chisena, alendo a kutali ndi malonda.

Yemwe akufuna kuyamba ayambe ndi mwambo waung'ono womwe ukalakwika palibe alire. Ayese netiweki pamalo penipeni pomwe kamera idzaime, pa ola lomwelo la tsiku, ndipo nambala ya liwiro lokwezera yomwe wapeza aidule pakati poganizira khamu. Agawane ntchito yoyang'ana mabatire, chifukwa ndi yomwe aliyense amaganiza kuti mnzake akuichita. Pulogalamu ikatha, wina alowe n'kuzimitsa makina a ku data centre aja, chifukwa pa mapulani olipira pa ola, kompyuta yoiwalika ikuyaka Loweruka madzulo imakhala ikuwerengabe madola mpaka Lolemba.